ZINYALALA ZILI NDI MWINI WAKE

Mawu olankhulidwa kwa atsogoleri a miphakati a dera la Mvera

 

Nkhani yathu lero ndi ya zinyalala. Ndikudziwa kuti ena mwadabwa, pakuti tidazolowera kuti maphunziro ngati ano amakamba za chisankho, za ufulu wachibadwidwe ndi za kayendetsedwe ka boma. Koma tikamafika kumapeto muona nokha kuti mulu wa zinyalala umene uli kuseri kwa msika nawonso ndi nkhani ya ufulu ndi udindo. Mfundo yanga ndi imodzi yokha: chinyalala chilichonse chili ndi mwini wake, ndiponso chili ndi malo ake. Pakhomo panu mwini wake ndinu. Pamsika ndi pamsewu mwini wake ndi khonsolo pamodzi ndi ife amene timaipatsa msonkho.

1. DZALA LA MAKOLO NDI DZALA LA LERO

Agogo athu ali muno angatichitire umboni. Kale kudzala kunkapita phulusa, makoko a mtedza, zitsononkho, masamba ndi mapale a mbiya zosweka. Zonsezi zinkabwerera kunthaka. Nchifukwa chake maungu ndi bonongwe zomera padzala zinkakhala zonenepa kuposa za kumunda. Mayi popita kumsika ankanyamula dengu, ndipo nyama ankaikulunga m'masamba.

Lero dzala lidasintha. Muli majumbo, mabotolo a pulasitiki, timapepala ta mafuta ophikira ndi ta sopo, mabatire, zitini za mankhwala ndi matewera ogula m'sitolo. Izi siziola. Jumbo imene mwataya lero, mdzukulu wanu adzaifukula ndi khasu. Tsono vuto lathu lagona apa: zinthu zidasintha, koma katayidwe kathu nkomwe kaja ka makolo. Tikutaya zosaola ngati kuti ndi zoola.

Ndiponso tisaiwale kuti ife tili pamsewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima. Msewu umenewu umatibweretsera malonda, ndipo tikuthokoza. Koma okwera minibasi akagula chipisi, nthochi kapena chimanga chootcha pa Chezi ndi pa Mvera, jumbo ndi botolo zimatsala kwathu kuno.

2. KODI ZINYALALA ZIKUTILANDA CHIYANI?

Choyamba, zikutilanda ziweto. Mbuzi ndiyo banki ya munthu wakumudzi. Ndiyo fizi ya mwana, ndiyo thumba la fetereza, ndiyo yotithandiza pamaliro. Koma mbuzi ikapeza jumbo yonunkhira mchere kapena mafuta imameza. Jumboyo sigayika, imaunjikana m'chifu, mbuzi nkuyamba kuonda mimba ili tuu, mpaka kufa. Kafukufuku wina adapeza kuti ku Mponela, m'boma lathu lomwe lino la Dowa, pafupifupi ziweto 40 mwa 100 zilizonse zophedwa zinali ndi pulasitiki m'mimba. Inu amene mumapha mbuzi zogulitsa mwaziona ndi maso anu. Nthawi zina timathamangira kunena kuti wina watilodzera khola, pamene mfiti yake ndi jumbo yathu yomwe.

Chachiwiri, zikutilanda moyo. Mliri wa kolera umene udayamba mu Marichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Kolera amafala pamene chimbudzi cha munthu chafika m'madzi kapena m'chakudya. Tsono taganizani za thewera la mwana lotayidwa kudzala. Galu alikoka, ntchentche zitera pamenepo nkukateranso pa nsima, mvula ibwera nkukokolera zotsalazo kuchitsime. Nazonso ngalande zotsekeka ndi majumbo zimasunga madzi momwe udzudzu umaswana.

Chachitatu, zikulanda anzathu. Ife tidakhala kumtunda. Madzi otsika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amalowera kuchigwa mpaka kunyanja. Chimene tataya m'khwawa kuno chikapezeka m'dimba la munthu wa ku Salima amene sadatilakwire kanthu, kapena m'nyanja momwe mumachokera usipa umene timadya tokha. Kutaya mumtsinje si kuchotsa zinyalala ai, koma kutumizira mnzako.

3. KODI MALAMULO AKUTI CHIYANI?

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 13, amapatsa Boma udindo wosamala chilengedwe kuti anthu akhale ndi kugwira ntchito pamalo aukhondo, ndi kuti mibadwo yam'tsogolo isapeze dziko litaonongeka. Lamulo loona za chilengedwe la 1996 lidalowedwa m'malo ndi lina la 2017, limene limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, komanso ali ndi udindo woteteza malowo. Lamulo lomwelo ndilo lidakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira ntchito imeneyi.

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidapereka kumakhonsolo ntchito yotolera, kuchotsa ndi kusamala zinyalala, kuyang'anira misika, ndiponso kupanga malamulo a m'dera lawo. Kwa ife kuno ndi Khonsolo ya Dowa, ndipo kwa abale athu a kutsidyako ndi Khonsolo ya Ntchisi.

Za majumbo opyapyala, Boma lidaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mu 2015. Awa ndi majumbo osakwana mamaikuloni 60 m'kuchindikala kwake, aja ong'ambika mukangoikamo tomato wambiri. Makampani opanga pulasitiki adakatsutsa kukhoti. Mu Julaye 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti chiletsocho nchovomerezeka. Milandu idapitirirabe, ndipo kumayambiriro kwa 2025 Boma lidalengezanso kuti layamba kukhwimitsa lamuloli. Lipoti lina la 2019 lidati Malawi amapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo wambiri mwa ameneyu amagwira ntchito kamodzi kokha nkutayidwa.

Mmodzi mwa amene adalimbikira nkhondo imeneyi ndi mayi wachimalawi, Gloria Majiga-Kamoto, amene mu 2021 adalandira mphoto ya Goldman yoperekedwa kwa oteteza chilengedwe padziko lonse. China chimene chidamudzutsa ndi mbuzi za alimi zimene zinkafa ndi majumbo. Ndatchula zimenezi kuti tione kuti lamulo likhoza kulembedwa bwino, koma limayamba kuyenda pokhapokha nzika zitaimirira ndi kulikankha.

4. PAKHOMO PATHU: MAGULU ANAYI A ZINYALALA

Tinene zoona, kumudzi kuno galimoto ya khonsolo sidzafika pakhomo panu kudzatenga zinyalala. Ngakhale mumzinda wa Lilongwe, momwe muli mtaya waukulu ku Area 38, si makomo onse amene amafikiridwa. Motero ntchito yoyamba ili m'manja mwathu, ndipo ntchitoyo ndi kupatula. Zinyalala zikasakanikirana zonse zimasanduka zonyansa. Zikapatulidwa, zambiri zimasanduka chuma.

Gulu loyamba: zoola. Makoko, masamba, mapesi, zotsala za ndiwo, phulusa ndi ndowe. Izi ndizo zochuluka pakhomo pa mlimi, ndipo si zinyalala konse koma manyowa. Kumbani dzenje kapena konzani mulu pamthunzi. Yalani zouma, pamwamba pake zaziwisi, kenaka ndowe ndi phulusa pang'ono, nkuwaza madzi, ndi kubwereza mpaka mulu utakwera. Zikani ndodo pakati. Mukaizula patapita masiku angapo nkuipeza yotentha, dziwani kuti manyowa akupsa. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mukhala ndi manyowa. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa njira za chimato ndi changu, ndiponso fetereza wa Mbeya, amene amasakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi fetereza wogula pang'ono nkuvundikira masiku 21. Ndi mmene thumba la fetereza lidakwerera mtengo, munthu wootcha mapesi akuotcha ndalama zake.

Gulu lachiwiri: zogwiritsanso ntchito kapena zogulitsa. Pa ichi Amalawi sitifuna mphunzitsi. Botolo la pulasitiki lotsukidwa bwino ndi sopo amagulitsiramo thobwa. Chitini chimasanduka koloboyi, lata lakale mbaula, tayala lakutha nsapato kapena chingwe, ndipo chigubu chimasanduka mpondagiya wosambira m'manja pachimbudzi. Timachubu ta mbande za mitengo tikhoza kugwira ntchito kangapo. Zitsulo zakutha zili ndi ogula ake oyenda m'midzi. Koma pano ndichenjeze: chitsulo cha pamjigo, cha pamlatho kapena waya wa magetsi si chinyalala. Wogulitsa zimenezi waba za mudzi wonse, ndipo wogula naye ndi wakuba.

Gulu lachitatu: zosaola zopanda ntchito. Majumbo ong'ambika, timapepala ta m'sitolo ndi magalasi osweka. Izi zikhale ndi dzenje lakelake, lakuya ndithu, lotchingidwa kuti ana ndi mbuzi asafikeko, ndipo likhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena pamjigo, kumunsi kwake osati kumtunda. Muzithiramo dothi kawirikawiri. Amayi, ndikupemphani mwaulemu: tileke kukolezera moto ndi jumbo, ndipo tileke kuvundikira mbatata kapena chimanga pamoto ndi jumbo. Utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni woononga chifuwa, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi inu ndi mwana ali kumsanayo.

Gulu lachinayi: zoopsa. Apa tisamale kwambiri.

Mabotolo ndi zigubu za mankhwala a fodya, a tomato ndi a m'nkhokwe: tsukuluzani katatu, madzi otsukuluzirawo thirani m'pampu yopoperayo, kenaka boolani chigubucho kuti wina asachitole. Musasungiremo mchere, mafuta kapena madzi akumwa, ngakhale chitaoneka chokongola bwanji. Funsani mlangizi wa zaulimi kumene mungachipereke.

Mabatire a galimoto ndi a sola: m'kati mwake muli asidi ndi mtovu. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo kuonongekako sikubwerera. Musawaswe pakhomo. Aperekeni athunthu kwa ogula mabatire akutha. Mabatire a tochi ndi a wailesi asakhale zidole za ana.

Matewera ogula: chimbudzi cha mwana chikhuthulidwe m'chimbudzi, ndipo thewera likwiriridwe m'dzenje lakuya. Ena amati chimbudzi cha khanda chilibe matenda. Limeneli ndi bodza.

Majekeseni ndi mankhwala otsala: abwezeni kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

5. PAMSIKA: MTAYA WA TONSE

Tsopano tituluke pakhomo tipite pamsika. Aliyense woyala malonda ake amadula tikiti. Ndalama imeneyo imapita kukhonsolo, ndipo mwa zina ndiyo yolipirira osesa, yokonzera zimbudzi ndi yosamalira malo otayako zinyalala. Motero pamene mayi wogulitsa tomato akufunsa kuti kodi mtaya wathu uli kuti, sakupempha chifundo. Akufunsa chimene adalipira kale.

Kumene kuli mtaya kapena nkhuti yokonzedwa ndi khonsolo, tiigwiritse ntchito moyenera. Tayani m'kati osati m'mbali, chifukwa mmodzi akataya pakhomo pa mtaya onse amatsatira, mulu nkufika pamsewu. Musatumeko ana aang'ono usiku. Musayatsepo moto. Musatayeko nyama yakufa, zinthu za kuchipatala kapena zigubu za mankhwala. Zoola za pamsika, monga masamba a kabichi, makoko a nthochi ndi tomato woonongeka, ziunjikidwe pazokha, pakuti gulu la achinyamata kapena la amayi likhoza kupanga manyowa nkugulitsa kwa alimi a madimba. Ndipo osesa mumsika tiwalemekeze. Si akapolo athu. Kusesa kwawo sikutipatsa chilolezo chotaya paliponse.

Kumene kulibe mtaya, kapena udadzaza kalekale, tisangong'ung'udza m'makumbi. Njira ilipo. Yambirani kukomiti ya msika ndi kwa mkulu wa msika. Kenaka nkhaniyo ipite kukomiti ya chitukuko ya m'mudzi, ija timati VDC, imene imakatula kukomiti ya dera la mfumu yaikulu, ya ADC, kuti ilowe m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse. Mafumu athu ali muno ndi amene angathandize kupeza malo oyenera, otalikirana ndi madzi ndi nyumba. Lembani kalata, musunge ina yofanana nayo, mulembe tsiku, ndipo mubwererenso kukafunsa yankho.

Muli ndi khansala. Kumbukirani kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo anthu adasowa pokatula nkhawa zawo zazing'onozing'ono ngati zimenezi. Pa 16 Sepitembala 2025 tidasankhanso makhansala pamodzi ndi aphungu ndi mtsogoleri wa dziko. Khansala si wongobwera pamaliro ndi pampira ai. Muitaneni kumphakati, mosayang'ana chipani chake, ndipo mumufunse mafunso atatu awa: Kodi msika wathu umatolera ndalama zingati pamwezi? Mwa zimenezo, zingati zimabwerera kudzasamala msikawo? Nanga zinyalala zathu zimakathera kuti? Musaope kufunsa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani kumaofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Koma tikumbukirenso kuti ufulu umayenda ndi udindo. Amene amazemba tikiti ya msika, kapena kugwirizana ndi wotolera kuti alipire theka popanda lisiti, wadzitseka yekha pakamwa. Adzafunsa bwanji za ndalama zimene iye mwini adathandiza kuzisowetsa?

6. CHIKHULUPIRIRO CHATHU CHIKUTIPHUNZITSANJI?

Wina anganene kuti, kodi Mpingo walowa liti m'nkhani za kudzala? Buku la Genesis, mutu 2, limatiphunzitsa kuti Mulungu adapatsa munthu munda ndi ntchito ziwiri, yolima ndi yosunga. Ife yolima timaidziwa bwino, koma yosunga timaiiwala. Buku la Deuteronomo, mutu 23, lili ndi malangizo a ukhondo wa pamisasa ya Aisraele, ndipo chifukwa chake nchakuti Mulungu amakhala pakati pa anthu ake. Mu Mthenga Wabwino wa Yohane, mutu 6, Ambuye atadyetsa khamu lija adalamula kuti zotsala zitoledwe. Amene adatha kuchulukitsa buledi sadalole kuononga.

Mu 2015 Papa Francisko adalemba kalata yotchedwa Laudato Si', momwe adatikumbutsa kuti dziko lapansi ndi mudzi wa tonse, ndipo adadzudzula khalidwe longogwiritsa ntchito chinthu nkutaya. Adaonetsanso kuti chilengedwe chikaonongeka, oyamba kuvutika ndi osauka. Nzoonadi. Wolemera mbuzi ikafa agula ina, ndipo madzi akaipa agula a m'botolo. Nanga mayi wamasiye wa mbuzi ziwiri?

Ndiponso tisaiwale kalata ya Aepiskopi athu ya pa 8 Marichi 1992. Idatiphunzitsa kuti chikhulupiriro sichithera pakhomo la tchalitchi, ndi kuti Mkhristu ayenera kulankhula pamene zinthu sizili bwino. Ufulu umene udabadwa nthawi imeneyo sudali wongovotera kamodzi pa zaka zisanu, koma wosamalira dera lathu tsiku ndi tsiku.

Tiyambe ndi pakhomo pathu pa Mpingo. Tikamaliza chaka cha parishi, ukwati kapena msonkhano, bwalo la tchalitchi limaoneka bwanji? Ngati tisiya majumbo ndi mabotolo ali mbwee, tilibe mawu okauza khonsolo.

Ntchitoyi si ya Akatolika okha. Abale athu a CCAP ali pa Mvera kuyambira 1889, pamene mishoni yawo idakhazikitsidwa. Pali a mipingo ina, pali Asilamu, pali asilikali ndi mabanja awo, pali amalonda. Tonse timagula pamsika umodzi, ndipo ntchentche sifunsa kuti mumapemphera kuti. Mutu umodzi susenza denga.

7. ZOTI TIKACHITE

Ndikupempha mphakati uliwonse kuti usanathe mwezi uno ukachite zinthu zisanu izi.

Choyamba, banja lililonse likhale ndi maenje awiri, la manyowa ndi la zosaola. Achinyamata akakumbire okalamba, odwala ndi olumala.

Chachiwiri, popita kumsika tinyamule dengu, kachikwama kansalu kapena kambale kovundikira, ndipo jumbo yopyapyala tiikane. Wogulitsa amasunga chimene ogula akufuna. Tikaleka kulandira, aleka kuoda.

Chachitatu, patchalitchi chilichonse pakhale maenje awiri omwewo, ndi anthu osankhidwa oyang'anira ukhondo pa zochitika zonse.

Chachinayi, mogwirizana ndi mafumu ndi mipingo ina, tisankhe tsiku limodzi pamwezi losesa msika ndi kutsegula ngalande, makamaka mvula isanayambe.

Chachisanu, tisankhe anthu atatu, pakati pawo pakhale mayi ndi wachinyamata, okakumana ndi komiti ya msika ndi khansala, ndipo adzatiuze yankho pamsonkhano wotsatira.

Amayi ndi abambo, dera lathu dzina lake ndi Mvera. Lero tamva. Chatsala nkuchita. Mulungu adalitse mabanja anu, minda yanu ndi ziweto zanu. 

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Kodi m'mudzi mwathu ndi zinyalala ziti zimene zachuluka, zomwe makolo athu sadazidziwe? Zimathera kuti?

2. Ndi mabanja angati mumphakati wathu amene adatayapo chiweto chifukwa cha majumbo? Chiwetocho chikadagulitsidwa chikadathandiza chiyani?

3. Kodi chitsime kapena mjigo wathu watalikirana bwanji ndi dzala ndi chimbudzi chapafupi?

4. Kodi khansala wathu timamudziwa? Nanga mamembala a VDC yathu ndani, ndipo adakumana liti komaliza?

5. Pa zinthu zisanu zija, tiyamba ndi chiti, tsiku liti, ndipo atsogolere ndani?